Hanoi Amaonekera Pakampando: Mmene Mungayendere ndi Kudya mu Likulu la Vietnam

Tsiku loyamba ku Hanoi ndinaima m'mbali mwa msewu kwa mphindi mwina khumi, chikwama kumsana, ndikudikira kuti njinga zamoto zithe kaye kuti ndiwoloke. Sizinathe, ndipo sizitha. Amene anatipulumutsa ndi gogo wina wamkazi, wamfupi wondilekeza pachifuwa, atanyamula madengu awiri a nthochi pamtengo wopingasa paphewa. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana akazi anga, kenako anangolowa mumsewu ngati akulowa m'munda mwake. Ife pambuyo pake ngati anapiye. Njinga zija zinkangotilambalala, ina kutsogolo ina kumbuyo, monga amachitira madzi akapeza mwala pakati pa mtsinje.

Ndayamba ndi nkhani ya kuwoloka msewu chifukwa ngati simuphunzira zimenezi, ulendo wonse mudzauthera pakhonde la hotelo. Kachitidwe kake ndi aka. Magalimoto kumeneko amayenda kumanja, choncho muyambe mwayang'ana kumanzere, koma kumanja kuyang'anidwenso chifukwa sipalephera wina wobwera mosemphana ndi anzake. Basi ndi galimoto muzisiye zidutse, zimenezo sizikhota chifukwa cha munthu. Zikatsala njinga zamoto zokha, lowani, muziyenda pang'onopang'ono ndi liwiro limodzi, maso ali kwa amene akubwerawo. Musathamange. Musaime mwadzidzidzi. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi kubwerera m'mbuyo, chifukwa woyendetsa uja wawerengera kale kuti pofika iye mukhala mutasuntha, ndiye akudutsa kumbuyo kwanu. Hutala imene muziimva paliponse si yaukali ayi, akungokuuzani kuti "ndili pano". Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika tsiku lachitatu akazi anga ndi amene ankandikoka dzanja.

Musananyamuke

Viza ya Vietnam mumaipeza pa intaneti. Kuyambira mu Ogasiti 2023 boma lakumeneko limapereka viza imeneyi kwa nzika za mayiko onse, ya masiku osapitirira 90, ndipo yolowa kamodzi ndi madola 25 a ku America. Mulembetse patsamba lenileni la boma, chifukwa masamba a anthu apakati ndi ambiri ndipo amaonjezera zawo. Mulembe dzina ndendende mmene lilili mu pasipoti, musankhe bwalo la ndege la Noi Bai ngati polowera, ndipo pepala la vizayo mulisindikize. Ine ndinalembetsa kutatsala milungu itatu, mtima unali m'malo.

Nyengo yabwino ndi Okutobala ndi Novembala, ndipo ife tinapita kumayambiriro kwa Novembala: m'mawa kozizirira, masana kadzuwa kofunda. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumatentha kwachinyontho, malaya amamatirira pathupi, mvula imagwa yamphamvu. Disembala mpaka Febuluwale kumazizira ndithu, kumwamba kuli mbuu, mvula yowaza, ndipo mpweya wa mumzinda umaipa ndi utsi. Nthawi ya Tet, chaka chatsopano chawo chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, ogulitsa zakudya ambiri amatseka n'kupita kumudzi kwawo. Ngati mwadzera kudya, masiku amenewo muwapewe.

Ndalama yawo ndi dong, ndipo maziro ake amazunguza mutu. Dola imodzi inkasinthidwa pa madong cha m'ma 25,000, kotero mukasintha madola 100 okha mwasanduka mpondamatiki. Mitengo amailemba mwachidule: 50k ndiye kuti 50,000. Chenjerani ndi mapepala awiri, la 20,000 ndi la 500,000. Onse ndi obiriwira ngati kumwamba, onse ali ndi nkhope ya Ho Chi Minh, mtsogoleri amene anamenyera ufulu wa dzikolo, ndipo madzulo pansi pa getsi lofooka amafanana ngati mapasa. Ine ndinapereka la 500,000 pogula madzi a nzimbe. Mayi wogulitsayo anandiitana ndili kale patali, n'kundibwezera akuseka. Si onse angachite zimenezo. Kuyambira pamenepo mapepala akuluakulu ndinkawasunga m'thumba lina, ang'onoang'ono m'thumba la malaya, chifukwa wogulitsa mumsewu amafuna ndalama yapamanja ndipo chenji cha pepala lalikulu chimamuvuta.

Kuchokera ku Noi Bai kufika pakati pa mzinda ndi ulendo wa mphindi 45 kapena ola lathunthu. Basi nambala 86 imakusiyani pafupi ndi nyanja ya Hoan Kiem pamtengo wochepa. Ngati muli ndi katundu wambiri, gulani simukhadi pabwalo pomwepo, muike mu foni Grab, pulogalamu yoitanira takisi, muitanitse galimoto mtengo mukuuona kale. Grab yomweyo imaitanitsanso kabaza wa njinga yamoto, ndipo amabwera ndi chipewa chanu chodzitetezera, chimene lamulo limafuna kuti muvale.

Kogona musankhe ku Old Quarter, dera lakale la mzinda, kumpoto kwa nyanja. Nyumba zake ndi zopapatiza kumaso koma zazitali kulowa m'kati ndi kukwera m'mwamba, choncho mufunse ngati hoteloyo ili ndi chikepe ndiponso ngati chipinda chili ndi windo. Chopanda windo chimatchipa ndipo mumagona bwino kopanda phokoso, koma mukadzuka simudziwa ngati kwacha.

M'mawa ndi wa nyanja

Mudzuke 5 koloko, ngakhale tsiku limodzi lokha. Hanoi wa m'mamawa ndi mzinda wina. Kuzungulira nyanja ya Hoan Kiem, kamene kwenikweni ndi kanyanja koti mumakazungulira wapansi m'theka la ola, mupeza agogo akutambasula manja pang'onopang'ono m'magulu, amayi akuvina ndi wailesi yawo, achinyamata akuthamanga, ena akumenya kampira kanthenga ndi mapazi. Palibe amene akukugulitsani kanthu. Ine ndinakhala pabenchi, bambo wina wachikulire n'kudzakhala pambali panga kuti ayeserere Chingelezi chake, ndipo funso lake lachiwiri linali lakuti ndili ndi zaka zingati. Ndibwereranso ku funso limeneli.

Dzina la nyanjayi limatanthauza "lupanga lobwezedwa". Nthano yake imati Le Loi, amene anathamangitsa asilikali a ku China a ufumu wa Ming n'kukhala mfumu mu 1428, anapatsidwa lupanga lamphamvu, ndipo nkhondo itatha kamba wagolide anatuluka m'madzi kudzalitenga. Akamba akuluakulu analimodi m'nyanjayi. Womaliza anafa mu Januwale 2016, ndipo thupi lake analikonza n'kuliika m'galasi mu kachisi wa Ngoc Son, pachilumba chimene mumafikapo powoloka kamlatho kofiira kotchedwa The Huc. Lowani mukamuone, ndi wamkulu modabwitsa. Mawondo ndi mapewa zikhale zobisika, monga m'kachisi aliyense kumeneko. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu usiku misewu yozungulira nyanjayi amaitseka, magalimoto saloledwa, ndipo mabanja onse a mumzinda amakhamukira komweko ndi ana awo.

Mukachoka panyanja lowani mu Old Quarter opanda mapu. Amati ndi dera la misewu 36, ndipo maina ambiri amayamba ndi Hang, kutanthauza malonda, chifukwa kale msewu uliwonse unali ndi ntchito yake. Hang Bac ndi wa siliva, ndipo osula ndolo ndi zibangili alipobe. Hang Gai ndi wa nsalu za silika. Ku Hang Thiec mumamva kaye phokoso la nyundo musanaone okhoma malata atakhala pansi. Ku Lan Ong mphuno ndi imene imakuuzani kuti mwafika, chifukwa ndi kwa mankhwala azitsamba, makungwa ndi mizu zili m'matumba mpaka pakhomo. Umene unandigwira mtima ndi Hang Ma. Kumeneko amagulitsa zinthu zamapepala zoti akaotchere makolo amene anamwalira: ndalama zamapepala, malaya, nyumba, mafoni, ngakhale njinga yamoto yapepala, kuti akufawo asasowe kanthu kumene aliko. Pa tsiku loyamba ndi la 15 la mwezi wa kalendala yawo yoyendera mwezi, muona anthu akuotcha mapepalawa m'kachitini pakhomo la shopu. Muzilambalala bwino, musapondepo.

Tsopano za kudya

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa ndi pamene pali Hanoi weniweni. Chakudya chabwino sichili m'malesitilanti a magalasi okhala ndi mndandanda wa zakudya makumi asanu ndi zithunzi zake. Amenewo ndi chikomekome cha mkuyu. Chili pa timipando tapulasitiki, tofiira ndi tobiriwira, tofupika ngati ta ana a sukulu ya mkaka, m'mbali mwa msewu. Ine ndili ndi mawondo a munthu wa zaka makumi asanu, kukhala pansi kunali kosavuta, vuto linali kudzuka. Koma ndinaona kuti ukakhala pakampando paja, maso ako amakhala pa msinkhu wa mpoto, wa mbaula, wa manja a mayi amene akudula nyama, ndipo mzinda umasiya kukhala chipwirikiti.

Malamulo anga posankha podyera ndi awiri. Loyamba, pamalopo pazigulitsidwa chakudya chimodzi chokha, chimene dzina lake lalembedwa pachikwangwani ndi zilembo zazikulu. Mayi amene waphika chinthu chimodzi kwa zaka makumi awiri sangachilakwitse. Lachiwiri, pakhale eni dziko ambiri, chifukwa ndiye kuti mpoto ukutha msanga ndipo palibe chogonera. Mukaona mapepala opukutira ndi makoko a mandimu ali mbwee pansi, musanyansidwe: kumeneko zinyalala amaponya pansi pa tebulo n'kusesa pambuyo pake, ndiye kuchuluka kwake kukusonyeza kuti anthu adyapo. Ndipo chakudya chilichonse chili ndi nthawi yake. Mayi wa m'mawa ikamakwana 10 koloko amakhala atatsuka mapoto, pamalo omwewo masana pali wina ndi chakudya china.

M'mawa ndi phở. Ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe owiritsidwa kwa maola ambiri pamodzi ndi jinja ndi anyezi wowamba pamoto ndi zonunkhiritsa zina, wothiridwa pa timizere tafulati ta ufa wa mpunga, tonga supageti koma tofewa. Phở bò ndi wa ng'ombe, phở gà ndi wa nkhuku. Mukati tái akuikirani nyama yaiwisi yodula mopyapyala imene imapsa ndi msuzi wotentha m'mbale momwemo. Mukati chín ndi yophikaphika. Wa ku Hanoi ndi wosachulutsa zinthu, sabwera ndi mulu wa masamba ngati wa kum'mwera kwa dzikolo. Muyambe mwalawa msuzi wokha, kenako mufinyiremo ndimu, muikemo tsabola pang'ono ndi adyo wa mu vinega amene ali patebulo. Muitanitsenso quẩy, timitanda taufa tokazinga, toviika mumsuzimo. Timitengo todyera kudzanja lamanja, sipuni kumanzere, mutu pafupi ndi mbale, ndipo kufwenkha msuzi mokweza si mwano. Mbale imodzi tinkalipira pakati pa 40,000 ndi 60,000. Chimodzi chokha musachite: kuzika timitengo tija choimirira m'mbale ya mpunga, chifukwa zimafanana ndi lubani woyatsira akufa.

Masana mutsatire utsi. Cha m'ma 11 koloko misewu imadzaza fungo la nyama ya nkhumba yootcha pamakala, munthu atanjuta pambali pa mbaula akukupiza moto. Imeneyo ndi bún chả, ndipo kwa ine ndi mfumu ya zakudya za mumzindawu. Amakupatsani kambale ka msuzi wofunda wotsekemera ndi wowawasa pang'ono, mmene mukusambira tinyama togaya toumba ndi tina todula, pamodzi ndi papaya wosapsa ndi karoti. Pambali mbale ya timizere ta mpunga tozizira, ndi dengu la masamba onunkhira. Mumatapa timizere pang'ono, kuviika mumsuzi, kutola nyama ndi tsamba, n'kuponya m'kamwa. Osakhuthulira zonse pamodzi. Muonjezere nem, timipukutu tokazinga tokhala ndi nyama m'kati. Mu Meyi 2016 Barack Obama anadya bún chả ndi Anthony Bourdain, katswiri wa zakudya wotchuka pa kanema, pamalo otchedwa Huong Lien, ndipo tebulo limene anakhalapo analitsekera m'galasi. Alendo amapita kukajambula. Ine ndinadya yanga kwa mayi wina m'kanjira kopanda dzina limene ndingalikumbuke, ndipo ndinabwererako kawiri.

Akazi anga sadya nkhumba, ndipo apa ndi pamene tinaphunzira kufunsa, poti safunsa anadya phula. Nkhumba ku Hanoi imabisala paliponse: mu bánh mì, buledi wautali amene anasiya Afalansa, amapakamo chiwindi chogaya ndi kuikamo nyama zozizira, mu bánh cuốn, timapepala tofewa ta mpunga tophika ndi nthunzi, amakulungamo nkhumba yogaya ndi bowa. Mawu oti muwadziwe ndi awa: lợn kapena heo ndi nkhumba, bò ng'ombe, gà nkhuku, cá nsomba, trứng dzira, ndipo chay ndi chakudya chopanda nyama iliyonse, chimene chimapezeka mosavuta chifukwa cha Abuda. Tinalemba mu foni chiganizo cha Chivietnamu chonena kuti sadya nkhumba, n'kumangoonetsa. Asilamu adziwe kuti mzikiti wa Al-Noor uli mumsewu wa Hang Luoc, mu Old Quarter momwemo, ndipo ndi poyambira pabwino kufunsa za malo a halaal. Chikwangwani china choti muchizindikire ndi thịt chó. Imeneyo ndi nyama ya galu. Sangakupatseni mobisa, ili ndi malo akeake, koma ndi bwino kudziwa musanakhale pansi.

Chimene tinadya tonse mosangalala ndi chả cá, nsomba yodula zidutswa yopakidwa chikasu, imene amakukazingirani patebulo pomwepo ndi mulu wa masamba onunkhira otchedwa thì là ndi anyezi wamasamba. Mumadyera timizere ta mpunga ndi mtedza wokazinga. N'chodulirapo, koma n'chotchuka moti msewu wina mu Old Quarter unatchedwa Cha Ca chifukwa cha icho. Pambali amaika mắm tôm, phala lofiirira la tinkhanu toviika mumchere mpaka kusasa. Fungo lake limakupatsani moni musanalione. Mufinyiremo ndimu, mutakase mpaka lichite thovu, mulawe kadontho. Ine ndinalikonda pa ulendo wachiwiri; akazi anga analikankhira kumapeto kwa tebulo ndipo nkhani inathera pomwepo.

Zina ndingozitchula mothamanga. Xôi ndi mpunga womata wa m'mawa, wokhutitsa mpaka masana. Bún riêu ndi msuzi wa nkhanu ndi tomato. Chè ndi zotsekemera za nyemba, zipatso ndi mkaka wa kokonati m'tambula. Ayisikilimu wa ku Trang Tien, amene akhala akugulitsidwa kuyambira 1958, anthu amadyera choimirira pambali pa njinga zawo. Madzi a pampopi musamwe, gulani a m'botolo. Ayezi amene ali ngati kapaipi kobowoka pakati ndi wa kufakitale, ameneyo tinkamwa osadwala.

Khofi ndi nkhani ina. Vietnam ndi dziko lachiwiri padziko lonse polima khofi, kutsatira Brazil, ndipo wambiri ndi wa mtundu wa robusta, wowawa ndi wamphamvu. Amamutcheza m'kachitsulo kotchedwa phin kamene amakakhazika pamwamba pa tambula, n'kumadontha dontho limodzilimodzi pa mkaka wotsekemera wam'chitini. Ku Hanoi mukafuna wa mkaka ndi ayezi muziti nâu đá. Ndiye pali khofi wa dzira, cà phê trứng. Anamuyambitsa Nguyen Van Giang mu 1946, munthu amene ankagwira ntchito ku hotelo ya Metropole, pa nthawi imene mkaka unkasowa. Amapuntha chachikasu cha dzira ndi shuga ndi mkaka wam'chitini mpaka chichite thovu lokhuthala, n'kuchiika pamwamba pa khofi wakuda. Banja lake likugulitsabe ku Giang, mumsewu wa Nguyen Huu Huan, polowera pake ndi kanjira kopapatiza koti mukhoza kukapitirira. Kapu imabwera itakhazikidwa m'kambale ka madzi otentha. Muyambe ndi sipuni. Ndinkaopa kuti amveka dzira, koma ayi, amakoma ngati keke yosungunuka. Mmodzi patsiku akwana, ndipo osati usiku ngati mukufuna tulo.

Kuitana anthu

Funso la zaka lija si chipongwe. Chivietnamu chilibe "inu" ndi "ine" wamba woti n'kugwiritsa ntchito kwa aliyense momasuka. Munthu amakuitana monga m'bale, malinga ndi msinkhu. Wamkulu pang'ono kwa inu ndi anh ngati ndi mwamuna, chị ngati ndi mkazi. Wamng'ono ndi em. Wa msinkhu wa makolo anu ndi cô kapena chú, agogo ndi bà ndi ông. Poitana mumaonjezera ơi: "chị ơi!", "em ơi!" Tsiku limene ndinasiya kukweza dzanja mwakachetechete n'kufuula kuti "em ơi, tính tiền", kupempha kuti andiwerengere ndalama, mnyamata woperekera zakudya anaseka mpaka kuitana anzake kuti ndibwereze. Xin chào ndi moni, cảm ơn ndi zikomo, bao nhiêu ndi "zingati". Chilankhulochi chili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu ka mitundu 6, moti liwu limodzi likhoza kutanthauza zinthu zingapo. Mudzalakwitsa ndithu, ndipo adzakukondani chifukwa choyesa. Popereka ndalama kwa wamkulu, perekani ndi manja awiri.

Pa chakudya sanenerera mtengo, mumangofunsa musanadye ngati sunalembedwe. Kunenerera ndi kwa zovala, zikwama ndi mphatso, monga mu msika wa Dong Xuan umene Afalansa anamanga mu 1889. Koma m'mamawa musanenerere chinthu chimene simugula. Ogulitsa ambiri amakhulupirira kuti kasitomala woyamba ndi amene amatsegula mwayi wa tsikulo, ndipo mukachoka chimanjamanja mwawaikira tsoka. Atsinzinantole nawo alipo, monga mumzinda uliwonse wa alendo. Mayi wina adzakuikani mtengo wa madengu paphewa ndi chipewa chosongoka kumutu kuti mujambulitse, kenako nanazi wake wakwera mtengo kasanu. Mnyamata wina adzaloza nsapato yanu, n'kuyamba kuimata guluu musanavomere. Mungomwetulira, kupukusa mutu, osaima. Njinga yakapalasa yonyamula anthu kutsogolo, imene amati xích lô, mugwirizane mtengo musanakwere, wa anthu angati ndi wa nthawi yaitali bwanji, ndipo muulembe pa foni onse muuone.

Zoti muone, ndi zoti musiye

Mzindawu ndi wakale: mfumu Ly Thai To anasamutsira likulu lake kuno mu 1010 n'kulitcha Thang Long, chinjoka chouluka. Zoona ndi zambiri, koma malo awiri patsiku akwana.

Ku chiliza cha Ho Chi Minh mupite m'mawa kwambiri, chifukwa amatsegula m'mawa mokha, Lolemba ndi Lachisanu n'kotseka, ndipo chaka chilichonse amatseka kwa milungu ingapo kuti akonze thupi. Chili pa bwalo la Ba Dinh, pamene iye anawerenga chikalata cha ufulu wa dzikolo pa 2 Seputembala 1945. Anamwalira mu 1969 atapempha kuti mtembo wake uotchedwe, koma anzake anausunga, ndipo chilizacho chinatsegulidwa mu 1975. Mzere ndi wautali koma umayenda. M'kati simulankhula, simujambula, chipewa chivulidwe, manja atuluke m'thumba, ndipo asilikali ovala zoyera sachita nthabwala. Chimene ndinkayang'ana kwambiri ndi anthu akumidzi amene anali nafe pamzere, agogo ovala mamendulo a kunkhondo, ena akupukuta misozi. Kuseri kwa chilizacho kuli kanyumba kamatabwa kapamsanja kamene Ho Chi Minh ankakhalamo, ndi kachisi woima pa mzati umodzi amene anamangidwa koyamba mu 1049.

Van Mieu, kachisi wa maphunziro, ndi pamalo pamene ndinapumira phokoso. Anamangidwa mu 1070 polemekeza Confucius, mphunzitsi wanzeru wakale wa ku China, ndipo mu 1076 anatsegulapo sukulu yaukachenjede yoyamba m'dzikolo. Muli miyala 82 yoimikidwa pamsana pa akamba amiyala, yolembedwa maina a amene anakhoza mayeso a mfumu kuyambira 1442 mpaka 1779. Ana a sukulu amabwerabe kudzapempha mwayi mayeso akayandikira. Tulutsani pepala la 100,000 muyerekeze chithunzi chake ndi kanyumba kofiira kamene kali pakati pa bwalo, ndi komweko.

Ndende ya Hoa Lo ndi yolemetsa mtima. Anaimanga atsamunda a Chifalansa mu 1896, ndipo muona maunyolo a m'miyendo ndi chimpeni chodulira mitu ya omenyera ufulu. Pambuyo pake munasungidwa oyendetsa ndege a ku America ogwidwa pankhondo ya Vietnam ndi America, mmodzi wa iwo John McCain, amene pambuyo pake anadzakhala wandale wotchuka kwawo. Ndege yake inagwetsedwa mu 1967 iye n'kugwera m'nyanja ya Truc Bach mumzinda momwemo. Nkhaniyo ikufotokozedwa ndi eni dziko, mmene iwo akuionera, ndipo muiwerenge mukudziwa zimenezo.

Zidole zovina pamadzi, ku nyumba ya zisudzo ya Thang Long pafupi ndi nyanja, ndinkaziyesa za ana. Ndinalakwa. Ozivinitsa amaima m'madzi olekeza m'chiuno kuseri kwa nsalu yansungwi, n'kumaziyendetsa ndi mitengo yaitali yobisika pansi pa madzi, luso limene linayambira m'minda ya mpunga ya m'chigwa cha mtsinje wa Red River. Sizikwana ola, matikiti mugule masana. Mukakhala ndi tsiku lina, nyumba yosungira chikhalidwe cha mitundu 54 ya anthu a m'dzikolo, ku Cau Giay, ili ndi nyumba zenizeni zakumidzi zomangidwa pabwalo zoti mumakweramo.

Msewu wotchuka umene sitima imadutsa mokhudza makonde a nyumba ine ndinausiya. Akuluakulu a mzinda akhala akuutseka kuyambira 2019 chifukwa alendo ankaima panjanji kujambula, ndipo sindinaone chifukwa chokakamira. Ku Ha Long Bay nako, gombe lotchuka la tizilumba tamiyala kum'mawa kwa Hanoi, ngati muli ndi masiku atatu okha, musapite: maola asanu kapena kuposa amathera mumsewu, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Sitima ndinakaionera pa mlatho wa Long Bien wowoloka mtsinje wa Red River, umene unamangidwa kuyambira 1899 mpaka 1902, n'kuphulitsidwa kangapo ndi mabomba a ku America, koma ulipobe ndi zigamba zake. Ndi wautali kupitirira kilomita ndi theka. Njanji ili pakati, njinga m'mbali, ndipo pamlatho pokhapa zimayenda kumanzere. Mupite dzuwa likupendeka, muyende wapansi mpaka pakati. Pansi panu pali minda ya nthochi pachilumba, madzi ofiirira a mtsinje, ndi amayi ogulitsa chimanga chootcha pamlatho pomwepo. Sitima ikamabwera chitsulo chonse chimanjenjemera mpaka m'mano.

Madzulo

Kukada, timipando timachulukana. Bia hơi ndi mowa wofulidwa kumene, wosakhalitsa, wopepuka, wotungidwa mu mgolo n'kuthiridwa m'matambula okhuthala obiriwirira, ndipo tambula imodzi inali pakati pa 10,000 ndi 15,000. Pamphambano ya Ta Hien ndi Luong Ngoc Quyen ndi pamene alendo amadzazana, phokoso lokhalokha. Pitani kamodzi mukaone, makamaka mmene timipando timazimiririka m'kuphethira kwa diso galimoto ya apolisi ikatulukira, anthu ataimirira matambula m'manja, n'kubwereranso ikangokhota. Koma kuti mumwe mwamtendere, yendani misewu ingapo kufuna pamene pakhala azibambo ochoka kuntchito, mbale ya mtedza wowiritsa pakati. Akakuitanani kuti mugundanitse matambula amawerenga "một, hai, ba, dô!" ndipo tambula yanu ikhale m'munsi pang'ono mwa ya wamkulu. Osamwa mowa ali ndi trà đá, tiyi wobiriwira wa ayezi wa madong 5,000 kapena kucheperapo, ndi njere za mpendadzuwa zoti muzitetera mukuonera msewu. Akazi anga anathera madzulo onse pa zimenezi.

Tsiku lonyamuka musiye maola okwanira, chifukwa msewu wa ku Noi Bai umathina m'mawa ndi madzulo. Madong otsala muwathere komweko kapena muwasinthe pabwalo la ndege musanalowe m'kati, kunja kwa Vietnam ndi ovuta kusintha. Ife athu tinagulira khofi wogaya mapaketi anayi ndi tiphin tiwiri ku Dong Xuan, ndipo 100,000 yomaliza inapita kwa mayi wa phở gà wa pakona pa hotelo yathu, amene pofika tsiku limenelo ankati akationa patali amayamba wachotsa kampando kofiira n'kundiikira kena kotalikirapo kamene ankakhalira yekha.